Kalata ya Mwini Mbumba

Ukwati wa Talandira ndi Nathaniel utatha, khoti linalamula kuti mwana wawo Rakele azikhala ndi mayi ake ku Kasakula, kumene Talandira ankaphunzitsa. Bambo ake ankaloledwa kumutenga patchuthi. Tchuthi cha Disembala Nathaniel anamutengadi, nawoloka naye kupita ku Zambia kumene anapeza ntchito. Sukulu zinatsegulidwa, chimanga chinamasula ngayaye, mwana osabwera. Foni nayonso inasiya kuyankhidwa.

Talandira sanali munthu wolirira m'bulangete. Anakwera njinga yamoto m'matope mpaka ku Ntchisi boma, kwa loya wina wachizimayi, a Tahira Sabiti. Iwo anamuuza mosapsatira kuti njira yachidule palibe: khoti la kuno linene kaye kuti mwana anatengedwa popanda chilolezo, kenako akadandaule kukhoti la ku Zambiako.

Patatha milungu itatu anamuitananso.

"Loya wa Nathaniel watumiza kalata iyi," anatero a Sabiti. "Ikuti banja lanu linavomera kuti mwana akakhale ndi bambo ake. Wasayina ndi Gideoni. Ndani ameneyu?"

Gideoni anali mchimwene wamkulu wa Talandira, mkulu wa mpingo ku Bowe, amene anamulera makolo atamwalira. Pachichewa ndiye anali mwini mbumba, malume wokhala ndi mawu pa ana a alongo ake.

"Lachinayi akalumbire kukhoti kuti inu simunafunsidwe," anatero loyayo. "Akakana, mudzawatsutsa nokha pamaso pa anthu."

Talandira anapita ku Bowe, nawapeza achimwene akewo akumanga ndawala za fodya pachigafa. Anagwada patali monga mwa ulemu, koma mtima ukuwira.

"Achimwene, munapereka mwana wanga?"

"Mlamu anabwera mwaulemu, ndi ankhoswe ake," anayankha Gideoni osakweza mutu. "Anati kumeneko sukulu n'zabwino. Ine ndinaona kuti n'chanzeru. Kodi mbumbayi mwini wake si ine?"

"Ndinu. Nanga ine munandifunsa?"

"Ukanakana."

Bamboyo anayankha zimenezi ngati zomveka bwinobwino. Anthu ena akakhulupirira kuti akukuchitira zabwino, amakupweteka kuposa mdani, ndipo tulo amagona tabwino.

"Lachinayi mukanene kukhoti zomwe mwanenazi."

"Ine, mkulu wa mpingo, ndikaime m'bokosi ngati wakuba mbuzi? Chibale ndi fupa, mlongo, sichiwola. Zapabanja zimathera pabanja."

"Rakele ndi m'bale wanunso. Mukapanda kubwera, ndikakutchulani ndekha."

Anadzuka nasasa fumbi pachitenje. Kuyambira ali mwana anali asanawayankhepo chonchi. Koma maganizo sanasinthe.

Lachinayi m'khoti munali anthu ochepa. Talandira analumbira nafotokoza zonse, dzina la mchimwene wake akulitchula momveka. Atakhala pansi ndi pamene anawaona achimwene akewo kumbuyo, atavala jekete ya pa Mgonero, nsapato zili matope okhaokha. Sanadziwe ngati abwera kudzamuthandiza kapena kudzamutsutsa.

A Sabiti anawaitana. Woweruza anawaonetsa kalata ija.

"Munasayina ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Mayi a mwanayu anavomera?"

Gideoni anapotokola chipewa m'manja. Kenako anayang'ana mlongo wake.

"Sanadziwe n'komwe. Kwathu malume amayang'anira ana kuti asasowe pamudzi. Ine ndinasowetsa mmodzi. Lembani choncho."

Woweruza analemba. Ulendo wa ku Zambia unali ukadalipo, wautali ndiponso wosadziwika mathero ake, ndipo Talandira anatuluka akufunsa kale loya za mapepala owolokera pachipata cha Mchinji. Gideoni anamutsatira mpaka pakhonde.

"Basi ya ku Mchinji imanyamuka nthawi yanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Mukufunsiranji?"

"Mwana akakafunsa amene anamupereka, ndikayankhe ndekha."