Mipira Yoterera

Eusebio Quiñones anaponya mpirawo patebulo, ndipo unagubuduzika mpaka kukagunda kapu ya khofi ya kochi wake.

"Taugwirani nokha, a Krantz. Umenewu ndi mpira kapena sopo?"

Hollis Krantz, amene ankaphunzitsa oponya mpira a timu ya Tolliver, anautola n'kuutembenuza m'manja. Mbali imodzi inali yodera bwino ndi matope. Mbali inayo inali yoyera mbee, ngati wangotuluka kumene m'bokosi. Masana amenewo timuyo inali itagonjanso, kachitatu pa masewero anayi, ndipo m'chipinda chosinthira zovala munalibe woimba kapena woseka. Anyamata ankangolavula makoko a mpendadzuwa pansi.

Mpira watsopano wa besibolo suponyeka. Chikopa chake chimaterera, choncho masewero asanayambe pamafunika munthu woupaka matope a mumtsinje mpaka ugwirike m'zala. Ku Tolliver ntchito imeneyi inali ya Wendell Pruitt. Anali ataigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mipira madazeni asanu ndi limodzi tsiku lililonse la masewero, ndipo palibe anadandaulapo.

"Anzathu aja akuponyanso mipira yomweyi, Eusebio," anatero Hollis.

"Iwo amangoponya chowongoka ndi mphamvu. Ine ndimadyera mpira wokhota. Ukaterera sukhota, umangokafika pachibonga ngati mphatso ya Khirisimasi." Eusebio anavula kapusi n'kupukuta thukuta. "Ndiye tandiuzani, akulu. Mkamwini wa mdala uja amasewera timu iti?"

Aliyense ankadziwa yankho lake. Tobias Reinke, mwamuna wa Darlene, mwana wa Wendell, ndiye anali womenya mpira wodalirika wa timu ya Marsh Creek. Matimu awiriwa anali pamodzi pamwamba pa gulu lawo, ndipo anali atatsala ndi masewero atatu okha, Lachisanu mpaka Lamlungu, okhaokha. Wopambana awiri ndiye akanalowa m'ndime ya chipulula. Wogonja akanalongedza zikwama kupita kwawo.

"Chibale ndi fupa, sichiola," wina anatero chapansipansi kumbuyo kwa makabati.

"Ndipo n'chifukwa chiyani masiku ano akumadzitsekera m'kachipinda ka mipira?" anawonjezera Eusebio. "Chitseko chija kale chinkakhala pululu. Tinkalowa kukamva nthano zake. Pano kiyi ali m'thumba."

Kochi wamkulu, bambo Vandermeer, anamva zonsezi ali chiimire pakhomo la ofesi yake. Anakodola Hollis ndi chala n'kutseka chitseko.

"Ndi mnzanu wakalekale, ndikudziwa," anatero. "N'chifukwa chake ndikutuma inu. Kamuoneni. Ngati akuchita dala, ndilemba kalata ku likulu la ligi Lachisanu lomweli, ndipo dzina la mkamwiniyo likhalamo."

"Sabata yamawa makochi akuvotera wosewera wabwino koposa wa chaka," anatero Hollis. "Tobias ndiye ali patsogolo."

"Ndikudziwa. Akadya limodzi, asanze limodzi."

Lachinayi kunalibe masewero. Hollis anakwera galimoto yake n'kupita kwa a Pruitt, kunja kwa tauni kumene minda ya chimanga inali itayamba kuuma. Anapeza Loretta, mkazi wa Wendell, ali pakhonde akusenda tomato woti aike m'mabotolo.

"Bambo a Darlene apita kokawedza," anatero mayiyo, maso ali pampeni.

"Awedza bwanji, mlamu? Mbedza zawo si izo zatsamira khoma?"

Loretta anacheuka kuyang'ana ndodo zowedzera zitatu zimene zinali pambali pa garaja. Anapitiriza kusenda.

"Mwina abwereka za anzawo. Mumwa khofi?"

Hollis anamwa khofiyo pang'onopang'ono. Loretta anakamba za mvula, za denga la tchalitchi, za galu wa oyandikana nawo, koma sanatchule besibolo ngakhale kamodzi, mayi amene ankadziwa pamtima zigoli za wosewera aliyense. Patapita ola, galimoto ya Wendell inatulukira. Sinachokere kunjira ya kumtsinje. Inachokera kumsewu waukulu wa ku Marsh Creek, ndipo pampando panali thumba la mabanzi a sinamoni la sitolo ya kumeneko.

"Nsomba zake ndi zimenezi?" anafunsa Hollis.

"Zakana kudya lero," anatero Wendell. Anali munthu wamtali wowerama pang'ono, wa tsitsi loyera. Hollis anatambasula dzanja kuti apatsane moni monga mwa masiku onse. Wendell anangogwedeza mutu, manja ali m'matumba a jekete, ngakhale kunali kotentha.

"Wendell, anyamata akudandaula ndi mipira."

"Woponya akagonja, mlandu ndi wa mpira. Akapambana, ndi dzanja lake. Unali woponya iwe, ukudziwa."

"Ndaugwira ndekha. Mbali imodzi sunapakidwe."

"Mwina umodzi unandipulumuka."

"Wachokera ku Marsh Creek?"

Wendell anayang'ana mkazi wake, mkaziyo n'kuyang'ana tomato.

"Msewu ndi wa boma," anatero Wendell. "Aliyense amayendamo."

Pobwerera Hollis anayendetsa galimoto pang'onopang'ono. Anadziwana ndi Wendell kuyambira pamene iye anabwera ku Tolliver ali woponya wachinyamata wopanda ndevu. Tsiku limene phewa lake linaduka mtsempha, amene anamuperekeza kuchipatala anali Wendell. Koma munthu wokana kukugwira dzanja, wotseka chitseko, wonama pamodzi ndi mkazi wake yemwe, ukamuganizira zabwino umaoneka wopusa ndiwe. Anakumbukiranso mmene Wendell ankanyadira Tobias, mmene ankasungira nyuzipepala iliyonse yotchula dzina lake. Utsi sufuka popanda moto.

Lachisanu Hollis anafika pabwalo dzuwa litangokwera pang'ono, osewera asanabwere. Galimoto ya Wendell inali kale pamalo pake. Kachipinda ka mipira kanali pansi pa mipando ya oonerera, ndipo chitseko chinali chokhoma. Pamwamba pa chitsekocho panali kawindo kakang'ono. Hollis anatenga chidebe, anachivundikira, n'kukwerapo. Ankadziona kupusa, bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi kusuzumira ngati wakuba nkhuku, koma anasuzumirabe.

Wendell anali atakhala pabenchi, manja ataviika m'beseni la madzi otentha. Atawatulutsa, Hollis anaona zala zotupa m'mfundo, zopindikira kumbali ngati mizu ya mtengo. Mdalayo anatapa matope ndi kuseri kwa chala chachikulu, n'kupanira mpira pakati pa zikhatho. Zala sizinkagwira. Ankaugubuduza ndi zikhatho zokha, akuluma mlomo. Mpira unapulumuka n'kugwa pansi. Anawerama, anayesa kuutola kawiri, kachitatu anachita kuukankhira ku phazi n'kuunyamula ndi manja onse awiri. M'thumba la mipira yotha munali isanu ndi inayi yokha.

Hollis anatsika pachidebe n'kugogoda.

"Ndine, Wendell. Ndaona kale. Tsegula."

Panapita nthawi kiyi asanatembenuke.

"Wayamba liti kukwera zidebe?" anafunsa Wendell.

"Wayamba liti kunama?"

Wendell anabwerera pabenchi n'kuika manja pamaondo. "Nyamakazi. Inayamba chaka chatha, koma kuyambira mu Ogasiti yachita kunyanya. Nsonga za zalazi zachita dzanzi, sindimva ngati chikopa chagwira matope kapena ayi. Ndimangoyang'ana mtundu, ndiye maso nawonso ndi a nkhalamba."

"Ku Marsh Creek umakatani?"

"Kwa dokotala. Wa kunoyu mkazi wake amaimba kwaya ndi mkazi wa Vandermeer. Ndikanapita m'mawa, pofika madzulo tauni yonse ikanadziwa."

Hollis anakhala pa bokosi la mipira. Mtima unamupepuka, koma anachita manyazi.

"Ukudziwa zimene akunena anyamata?"

"Makoma ano ndi opyapyala. Ndimamva."

"Ndiye wangokhala chete?"

"Hollis, munthu amene akumuganizira kuti ndi kazitape amamuopa. Amati mdala uja ndi wochenjera. Koma akadziwa kuti manja atha, amayamba kukutsegulira zitseko, kukufunsa ngati wadya. Kenako amakupatsa wotchi yotsanzikirana ndi kukuombera m'manja. Ine ndinati ndingomaliza sizoni ino, anene zimene anene."

"Sakunena iwe wekha. Vandermeer akulemba kalata ku ligi lero. Dzina la Tobias lilimo."

Wendell anadzutsa mutu. "Tobias walakwa chiyani? Mwana uja sadziwa n'komwe. Ngakhale Darlene sadziwa."

"Kalata ikafika, palibe kochi angamuvotere. Ndipo ngakhale atafufuza n'kupeza kuti palibe mlandu, fungo limatsalira. Matimu akuluakulu amene akumuyang'ana aja adzamva."

Wendell anayang'ana beseni la madzi, amene tsopano anali atazizira.

"Tiye tichite chonchi," anatero Hollis, akukwinya malaya m'mikono. "Tseka chitseko. Ndipaka ine, iwe uzindiuza. Masiku atatu okha. Palibe adziwe."

Wendell anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Unali woponya wabwino, koma kuganiza sikunali mbali yako. Dzulo unabwera kwathu kudzandiopseza. Lero mipira yakhala bwino mwadzidzidzi. Anena chiyani? Ati mdala wachita mantha poti tamugwira. Ndiye kuti wandipachika ndi manja ako."

Hollis anafuna kutsutsa, koma anaona kuti ndi zoona.

Kunja thirakitala yosalaza bwalo inali itayamba kulira. Kenako Wendell anaimirira, anapanira chitini cha matope pachifuwa ndi mkono, n'kuuza Hollis kuti anyamule mabokosi.

M'chipinda chosinthira zovala anyamata anali atafika. Phokoso linatha Wendell atalowa. Anaika chitini patebulo la pakati, n'kutulutsa pepala la dokotala m'thumba la malaya, akulikoka ndi zala ziwiri movutikira. Bambo Vandermeer anatuluka mu ofesi.

"Ndamva kuti ndine kazitape wa Marsh Creek," anatero Wendell. "Ndikanakonda zikanakhala choncho. Kazitape amakhala ndi manja."

Anawatambasula patebulo kuti onse aone.

Vandermeer anawerenga pepalalo mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Kumbuyo wina ananong'ona kuti dokotalayo ndi wa ku Marsh Creek komweko, pepala angalembe aliyense. Eusebio anamva. Anayandikira tebulo, anatenga dzanja la Wendell n'kuikamo mpira.

"Finyani, madala."

Wendell anafinya. Nkhope inakwinyika, koma zala sizinatseke. Eusebio anauchotsa mpirawo ndi chala chimodzi, mopepuka ngati akuthyola duwa. Anaimirira pomwepo akuyang'ana mfundo zotupazo.

"Agogo anga anali ndi manja otere," anatero. "Ankadula nzimbe." Sanapepese, koma sanabwererenso kumalo kwake.

"A Pruitt," anatero Vandermeer, "mukanatiuza mu Ogasiti, mwina bwenzi titapambana masewero awiri mwa amene tataya aja. Bwenzi lero tikupuma."

"Ndi zoona, bwana. Pamenepo ndinalakwa, ndipo sindikana. Koma Tobias sakudziwa kanthu."

Vandermeer anapinda pepala lija n'kumubwezera. "Kalata sindilemba. Koma simungapitirize, mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Mipira ya lero oyimbira masewero akuifuna pofika thwelofu."

"Ndipatseni oponya anu onse ndi beseni la madzi," anatero Wendell.

Anakhala mozungulira tebulo, amuna khumi ndi mmodzi, aliyense ndi mpira m'manja. Wendell ankayenda kumbuyo kwawo. Ankawauza kuti matope akhale ochepa ngati nsonga ya supuni, madzi dontho limodzi, ndipo asadetse ulusi wofiira. Eusebio anamaliza woyamba n'kuukweza m'mwamba monyadira.

"Umenewo wadetsa kwambiri, womenya sauona, oyimbira aukana," anatero Wendell. "Zaka zonsezi umayesa ndimangosewera ndi dothi?"

Ena anaseka. Ena sanaseke, ndipo Hollis anaona awiri akuyang'anizana ngati anthu amene sanakhutire. Anadziwa kuti Tolliver ikagonja masewero atatuwa, nkhani ija idzakambidwabe m'malo omwera mowa mpaka chisanu chithe. Koma idzakhala nkhani ya m'kamwa, yopanda kalata.

Pofika hafu leveni mipira yonse inali m'thumba. Wendell anapereka kiyi wa kachipinda kaja kwa Vandermeer, ndipo Vandermeer anamuika m'thumba. Kenako mdalayo anatuluka m'khonde, Hollis akumutsatira.

"Darlene akubwera kudzaonera masewero," anatero Wendell. "Ndimuuze ndekha asanamve kwa ogulitsa masoseji."

Anatulutsa foni m'thumba n'kuiika pachikhatho. Anayesa kudina ndi chala chachikulu, chinaphonya. Anayesanso, chinadina pena. Anaima kanthawi akuiyang'ana, kenako anaipereka kwa mnzakeyo.

"Hollis, tandidinira. Dzina lake lili pa D."