Masitepe a Osuta

Chipinda chochapira chinali pansi pa hotela. Mawindo chinalibe. Makina ankalira tsiku lonse, nthunzi ili tolo. Mipando munalibenso. Kapitawo ankati wosita akakhala pansi, tulo timapsereza zovala za alendo.

Phee ankasita nsalu zoyala pabedi. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa sankayankhulayankhula. Anali woyembekezera, mimba yoyamba. Mwamuna wake ankayendetsa lole, pakhomo ankangooneka mwa apo ndi apo.

Miyendo inayamba kutupa. Nsapato anazidula kuchidendene. Tsiku lina anapempha kampando. Kapitawo anaseka, nati kuno si kusikelo.

Komatu opuma analipo. Osuta. Kapitawo nayenso anali wa fodya, ndiye lamulo lake linali lakuti wosuta atha kutuluka kumasitepe akuseri, ndudu ikatha n'kubwerera. Wosasuta analibe chotulukira.

Panali mayi wina wopinda matawulo, wokhalitsa pantchitopo. Onse ankangoti Achemwali. Iwo ndiwo anamukodola.

"Tenga iyi, iwe. Ungoigwira basi. Miyendoyo iphulika."

Phee anatenga nduduyo. Anakhala pa sitepe yozizira, natambasula miyendo. Kamphepo kanamufika m'khosi. Anatsinzina. Kapitawo anamupeza momwemo.

"Mayi, ndudu yosayaka ndi choko. Ngati mwabwera kudzaphunzitsa, sukulu ili uko."

Masitepe onse kuseka. Kapitawo anakhwatcha machesi yekha, namuyatsira. Phee anatsokomola mpaka misozi. Koma sanadzuke.

Mawa lake anatsokomola pang'ono. Sabata isanathe chifuwa chinazolowera. Nseru inachepa, njala nayo inachepa. Atsikana ena ataona zimenezo anayamba kutuluka nawo. Chaka chatha masitepewo anali a amuna ndi Achemwali okha. Tsopano malo okhala ankachita kulimbirana.

Kusikelo namwino anamufunsa ngati amasuta. Anakana, ndipo mumtima mwake sankanama. Sanagulepo ndudu n'kamodzi komwe. Ankangopuma. Namwino anayeza mimba ndi tepi, nayezanso, nati mwana sakukula bwino, azidya mokwanira. Phee atafotokoza kuntchito, Achemwali anati amenewo ndi mwayi. Kamwana kakang'ono kamangoti pululu, osang'ambidwa, osasokedwa. Ana awo onse anabadwa choncho, ndipo ena mwa iwo alipo.

Matenda anamuyamba miyezi isanakwane, simbi ili m'manja. Madzi anatsikira m'nsapato zodula zija. Anapita naye kuchipatala pa galimoto yonyamula zochapa, atamugoneka pa matumba a matawulo akuda.

Anali mwana wamkazi. Sanalire. Anangoti nyee, ngati chitseko. Anamwino anathamanga naye.

Phee anakamuona madzulo ake. Kabokosi kagalasi, getsi pamwamba, kapaipi m'mphuno. Khungu lofiira, lopyapyala, mitsempha kuonekera. Akakoka mpweya, pachifuwa pankalowa m'kati ngati wina wadinapo ndi chala. Kenako ankaiwala kupuma. Makina ankalira, namwino n'kumusisita kuphazi, iye n'kuyambanso.

Namwino wa kumeneko anali wachikulire, wosachedwa ndi mawu. Anamuuza asambe m'manja asanapise pa bowo la bokosi. Akusamba, namwino anayang'ana zala zake ziwiri zachikasu ndi fodya. Sanakalipe. Anafunsa kuti anayamba liti. Phee anafotokoza za masitepe. Namwino anati mapapo a mwanayo sanakhwime, ndipo m'mimba chakudya ndi mpweya zinkamufika moperewera.

"Ndikasiya lero, achira?"

"Siyanibe, mayi."

Anasiya. Mutu unkawawa, m'kamwa kuuma. Ankafinya mkaka m'kakapu, madontho okha. Mwamuna wake anaimba foni ali kutali. Anati akatsitsa katundu abwera, ndipo dzina asatchule, adzatchula yekha. Anafunsa ngati mwana wafanana naye. Phee anati mphuno.

M'mawa wina makina analira. Namwino anasisita phazi. Anasisitanso. Anaitana dokotala. Anamuuza Phee adikire pakhonde. Anaima pamenepo, akuyang'ana wokolopa akukankha ndowa yake kuchoka kumapeto kuno kukafika uko.

Chitseko chitatseguka, m'katimo munali zii. Namwino anachotsa kapaipi, napukuta kamphuno ndi thonje. Anafunsa ngati anabwera ndi nsalu.

Inalipo m'chikwama, yatsopano, yomwe anagula kuti azidzaberekera. Namwino anaiyala pathebulo, naona kukula kwake. Anaipinda pakati. Anaipindanso.