Gawo Lomwe Linatsekedwa Pakamwa

Kalata inawapeza Amake Mapasa Lachitatu m'mawa, ali pa desiki yolandirira odwala. Inati aonekere kwa Sisitala, mkulu wa anamwino, Lachisanu masana, akafotokoze chifukwa chake odwala khumi ndi anayi sanalandire uthenga wa pafoni wowakumbutsa tsiku lotenga mankhwala. Atatu mwa iwo anali atakhala sabata yathunthu osamwa. Kalata yotere ikabwera, ntchito imakhala ili m'madzi.

Anaipinda pawiri n'kupita nayo ku kachipinda ka kuseri kwa labu. Mmenemo munali kompyuta yaikulu yotchedwa seva, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi bambo wosamalira pulogalamu ya chipatalacho, amene aliyense ankangowatchula kuti Akompyuta.

"Akompyuta, makina anuwa andichotsetsa ntchito. Akuti sindilemba manambala a odwala. Ine? Ndi zala zangazi?"

"Khalani pansi kaye, mayi. Mpandowo muutsamiritse kukhoma, mwendo umodzi ndi wabodza."

Akompyuta anayang'ana mayina khumi ndi anayiwo. Manambala onse analipo, olembedwa bwino. Kenako anatsegula logi, fayilo yomwe pulogalamu imalembamo zimene ikuchita. Pa gawo lotumiza mauthenga panalibe mzere ngakhale umodzi.

"Yalemba kuti chiyani?"

"Sinalembe kanthu."

"Ndiye mboni yanga ndi yosalankhula?"

Akompyuta anawafotokozera kuti pulogalamuyo ili ndi magawo: lolembetsa odwala, la mankhwala, la mauthenga. Gawo lililonse amaliikira mlingo wake wolankhulira. Pa mlingo wotsika limangolankhula chinthu chikawonongeka. Pokwererapo limachenjezanso likaona zokayikitsa. Pamwamba penipeni limanena chilichonse, ngakhale zosafunsidwa.

"Ngati apongozi anga," anatero Amake Mapasa.

Sisitala, mkulu wa anamwino amene analemba kalata ija, anali ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi. "Ndiye tsegulani zonse zilankhule, timve."

"Tikatero disiki yosungira mafayilo idzaza nkhomaliro isanakwane, Sisitala. Komanso gawo la mankhwala liyamba kulemba mayina ndi matenda a anthu m'fayilo yomwe aliyense wodzakonza makina angawerenge. Tingotsegula limodzi lokhali."

"Bola Lachisanu mundipatse chogwirika. Manambala alipo lero, koma ndani akudziwa kuti analowa liti?"

Onse atatuluka, Akompyuta anatsegula fayilo ya makonzedwe. Inali yaifupi, gawo lililonse mzere wake. Magawo ena onse anali pa mlingo wochenjeza. La mauthenga lokha linali pa mlingo wotsikitsitsa, ndipo pamwamba pake panali kamawu kolembedwa chaka chatha: "Likusokosa kwambiri. Ndalitseka kaye." Kalembedweko anakadziwa. Anakumbukiranso tsikulo: machenjezo ankabwera mazanamazana, iwo ali ndi ntchito ina yachangu, ndipo anadziuza kuti adzawawerenga Lolemba.

Anakweza mlingo wa gawo limodzilo mpaka pamwamba penipeni, n'kuyambitsanso pulogalamu. Kamawu kaja anakasankha kuti akafufute. Anakhala choncho kanthawi, kenako anakasiya.

Mauthenga ankatuluka tsiku lililonse nthawi ya teni m'mawa. Lachinayi, Amake Mapasa anasiyira mnzawo desiki n'kudzaima kumbuyo kwa Akompyuta, manja m'chiuno. Teni itakwana mizere inayamba kutsika. Watumizidwa. Watumizidwa. Watumizidwa. Kenako mzere wachikasu: "Chenjezo: nambala iyi yalandira kale uthenga sabata ino. Ndadumpha."

"Imani pomwepo! Ndi ya ndani?"

Nambalayo inali pa mayina awiri.

"Aa, awa ndi a telala ndi akazi awo. Foni ndi imodzi, imagona m'thumba la abambo. Abambo amabwera Lolemba, amayi Lachisanu." Anasuzumira pafupi. "Uyu ndi mwana ndi azakhali ake. Awa ndi agogo aja osamva bwino, amalembetsa foni ya oyandikana nawo nyumba. Kodi amene anapanga chinthuchi ankaganiza kuti aliyense ali ndi foni yake?"

"Ankaopa kuvutitsa munthu mmodzi ndi mauthenga awiri."

"Ndiye chakhala chikudumpha anthu chamumtima?"

"Ayi. Chakhala chikuchenjeza tsiku lililonse. Kungoti chenjezolo silimafika m'fayilo."

"Anachitseka pakamwa ndani?"

Akompyuta anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Ine."

Amake Mapasa anawatembenukira. "Ine masiku awiri chakudya chosalowa, amuna anga akundifunsa ngati ndili ndi pakati penanso. Kodi ndi inu?"

"Pepani, mayi."

"Pepani sapoletsa chilonda, Akompyuta. Mawa mukanene nokha."

Madzulo ake Akompyuta anakonza lamulo lodumphalo kuti liziyang'ana wodwala, osati nambala. Gawo la mauthenga analitsitsa kulibweza pa mlingo wochenjeza, ngati anzake, chifukwa pa mlingo wapamwamba linkalemba manambala a anthu poyera. Zomwe linalemba m'mawa anazisindikiza n'kuzifufuta mu seva.

Lachisanu anafika mu ofesi ya Sisitala ndi mapepala awiri. Loyamba linali la mizere yachikasu, lachiwiri la fayilo ya makonzedwe monga inalili Lachitatu, kamawu kawo katazunguliridwa ndi cholembera. Sisitala anawerenga onse awiri osafulumira.

"Mukudziwa kuti kalata yotsatira ilembedwa dzina lanu?"

"Ndikudziwa, Sisitala."

"Pepala lachiwirili mukanatha kulisiya m'kabati."

"Ndikanatha."

Sisitala anatambasula dzanja kwa Amake Mapasa, amene anali chikhalire pampando wapakona, chikwama pamiyendo. "Bweretsani kalata ija." Anailemba mzere kuchokera ngodya kufika ngodya, anasainira, n'kuwabwezera. "Bwererani pa desiki, mayi. Takulakwirani."

Pakhonde Amake Mapasa anaima. "Manambala a anthu awiriawiriwo ndi angati onse?"

"Makumi atatu ndi imodzi."

"Ndisindikizireni. Makina anuwo achira, ndamva, koma amene anadumphidwa kale sakudziwa. Ndiwaimbira ndekha tisanaweruke."

Akompyuta anapita kukayatsa pulinta.