Benchi ya Veturia

Chiyambireni matenda oiwala, Veturia ankadziwa chinthu chimodzi chokha: benchi ya pasiteshoni. Sitima inaleka kalekale kuima pamudzi pawo, njanji zinalowa m'thengo, koma m'mawa uliwonse mwamuna wake Ilarie ankamumanga mpango n'kupita naye kukakhala pamenepo. Mayiyo ankasisita ndi chala kadzenje ka pathabwa lakutsogolo, kamene Ilarie anawotcha ndi ndudu akali pachibwenzi, mtima n'kukhala m'malo. Akapanda kupitako, ankazemba pakhomo n'kumayenda pakati pa msewu wopanda nsapato.

Ndiye tsiku lina anapeza patsala mabawuti okhaokha. Benchi anali atagula Nelu, wogulitsa zinthu zakale amene amanunkhiza masiteshoni akufa ngati fisi.

Mlungu womwewo galimoto inatsala pang'ono kumugunda Veturia. Mwana wawo Ozana anaimba foni ali ku Italy: "Ababa, akangotulukanso mumsewu, ndikubwera kudzawapereka kosungira okalamba. Musadzanditche wankhanza."

Ilarie anachita mantha zedi. Anakwera basi mpaka kutauni ya Turda, kushedi ya Nelu, kumene mabenchi anandandalikidwa ngati m'tchalitchi.

"Madala, mukudikira sitima? Kuno sidutsa!" anaseka Nelu.

"Iwe, ndikufuna benchi ya kwathu."

"Itiyo? Inabereka ana atatu."

Ntchito ya anthu amenewa, Mulungu awaone! Benchi yakale amaiphwasula, mwendo wachitsulo uku, wina uko, matabwa n'kugawa. Zoperewera amapanga zatsopano, kuzikwapula ndi tcheni, kuzithira viniga kuti zioneke nkhalakale. Kenako iliyonse amalumbira pali mayi awo kuti ndi yeniyeni.

Ilarie anagwada n'kupapasa thabwa lililonse. Kadzenje osapezeka.

"Lopsa lija ndinasonkhera moto," anatero Nelu. "Ogula amafuna mayina ozokota ndi mpeni, osati zipsera za fodya."

Mkuluyo anafotokoza zonse, misozi ili chuchuchu, manyazi ataiwala. Nelu anakanda m'mutu, n'kuyatsa ndudu.

"Lozani pamene panali. Ine ndapusitsa madokotala a ku Vienna, ndilephere agogo? Tengani. Mukathana nayo ndidzaitenga."

Anawotcha kadzenje pa benchi imodzi, anapala, anapaka phula ndi dothi. Kunena zoona, mwana wa mfitiyo luso anali nalo. Anainyamula pa lole yake n'kukaimanga pa mabawuti omwe aja.

M'mawa mwake Veturia anakhala pansi. Chala chinayenda, chinapeza kadzenje, chinaima. Ilarie anapuma mpweya wa munthu amene watula mtolo.

Kenako mayiyo ananunkhiza chalacho. Nkhope inawala ngati ya mtsikana.

"Papsa posachedwa apa! Ndiye kuti wangochoka kumene."

"Ndani?"

"Ilarie. Amasuta ngati uvuni, chitsiru chimenechi. Sanafike patali, ndikamupeza."

Anadzuka, kuvula nsapato kuti athamange bwino, n'kulunjika kumsewu waukulu. Mwamunayo anamutsekera kutsogolo.

"Veturia, mayi, ndine ndemwe. Ilarie ndine!"

Anamuyang'ana mwaulemu, monga achitira mwana woleredwa bwino.

"Pepani agogo, tandipatukirani. Andisiya."

Tsidya la msewu, mkazi wa mugolosale, amene Ozana anamupempha kuti azimuuza zonse, anali ataika kale foni kukhutu.