Makapisozi Opita ku Katete

Chaka chachiwiri cha ufulu mkuwa unali pamtengo, ndipo ku Kitwe aliyense ankayenda ngati mgodi ndi wa atate ake. Anock Tembo, wobowola miyala pansi, anatemedwa ndi chitsulo pamsongolo. Kuchipatala cha mgodi anamupatsa makapisozi a masiku khumi.

Tsiku lachinayi bala linauma. Mkazi wake Damaris anayang'ana botolo la makapisozi aja, mtima n'kumupweteka. Kumudzi ku Katete apongozi ake ankatsokomola chaka chonse, chipatala chili kutali. Akazi a m'komboni anali ndi kachitidwe kawo: wodwala akayamba kuseka, mankhwala otsala ankalowa m'phukusi lopita kumudzi limodzi ndi sopo ndi shuga. Damaris anachita zomwezo, n'kudziyamikira yekha kuti ndi mkazi wanzeru.

Patatha milungu iwiri mwendo unatupa mpaka buluku kukana kulowa. Anamugoneka m'chipatala. Jakisoni m'mawa, jakisoni madzulo, koma bala linkangonyeka. Damaris anachita mantha, ndipo anaulula zonse kwa Absalom, wotsuka mabala, yemwenso anali wa kwawo kum'mawa.

"Amayi, tizilombo munatisiya tili moyo," anatero Absalom. "Tsopano tizilomboto tawazolowera mankhwalawa."

"Nanga ena kulibe? Mgodi wolemera chonchi?"

"Ena tayesa, akanika. Atsopano ndiye amabwera mwa apo ndi apo. Opanga kunjako amathamangira mankhwala amene munthu amamwa mpaka kufa. Awa a mabala, masiku teni wachira, sabweranso. Akatulutsa amphamvu, adokotala amawatsekera m'kabati kudikira tsiku loipa. Inuyo mungalime mbewu imene ogula ake amabwera kamodzi pachaka?"

Damaris ankagulitsa tomato pamsika, choncho anamvetsa bwino lomwe. Kumvetsako n'kumene kunamuwawa koposa.

Lachisanu adokotala anati akadikiranso, ataya munthu yense. Anock anali atabalalika ndi kutentha thupi, ndiye Damaris ndi amene anadinda chala papepala lovomera opaleshoni.

Mawa lake masana anakhala pambali pa bedi. Anock anatsegula maso, pakamwa pali gwa.

"Amake Febby," ananong'ona, "tandikandeniko kuphaziko. Kukuyabwa."

Damaris anayang'ana bulangeti. Kuyambira pabondo linali litagona pamatiresi. Analowetsa dzanja, n'kuyamba kukanda nsalu yopanda kanthu.

"Apo pomwe," anatero Anock, n'kutsekanso maso.