Makadi a Ukwati wa Thandi

Dyton anali ndi kashopu pa Boma, kuseri kwa siteji ya minibasi, komwe ankakonza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani za sukulu za mkaka. Ntchito yonseyi inkadalira pulogalamu imodzi yojambulira ya pa kompyuta. Eni ake, akunja, sankaigulitsa koma kubwereketsa. Ukalipira inkatseguka, ukapanda kulipira inkangokuyang'ana.

Chaka chimenecho mtengo unakwera, ndipo anamupatsa njira ziwiri: kulipira chaka chonse kamodzi pamtengo wotsikirako womwe sungasinthe, kapena kumalipira mwezi ndi mwezi, pang'onopang'ono koma modula. Mumtima Dyton ankafuna ya chaka. Thumba ndi lomwe linkakana.

Ali mkati mosinkhasinkha, kunatulukira achemwali ake, a Lufina, kuchokera ku Bwanje atagulitsa mpunga. Ndiwo anamulera makolo atamwalira. Mushopumo munalinso Cedric, mnzake wa ku maofesi, atakhala pa mpando wa makasitomala akuseweretsa makiyi a galimoto.

A Lufina atamva nkhaniyo anati, "Za makompyutazi ine sindizidziwa. Koma ngati ya chakayo ikupatse mtendere, lipira yomweyo. Zoperewerazo ndikuwonjezera, ndili nazo pompano." Anayamba kumasula kansalu komwe anamangamo ndalama.

Cedric anaseka pang'ono. Mwina ankaseka za pa foni yake, koma Dyton anamva kutentha m'makutu.

"Achemwali, bwezani zimenezo," anatero mokweza. "Bizinesi ino siyendera mpunga. Anthu odziwa amalipira mwezi ndi mwezi kuti ndalama izizungulira."

A Lufina anamuyang'ana, n'kumanganso kansalu kaja. Anafunsa za alamu awo ndi ana, kenako anatsanzika. Tsiku lomwelo Dyton anasankha ya mwezi ndi mwezi.

Poyamba zinkayenda. Kenako kwacha inagwa, mtengo wa pamwezi n'kukwera nayo. Magetsi ankazimazima, ndipo achinyamata ambiri anayamba kudzipangira okha makadi pa foni. Unafika mwezi wina womwe Dyton anati alipira sabata yamawa, sabata yamawayo n'kukhalanso ndi yamawa yake.

Ndi m'masiku amenewo pomwe a Lufina anabweranso, ulendo uno ndi mwana wawo Thandi, yemwe ukwati wake unali pafupi.

"Amalume, ndikufuna makadi a maluwa ofiirira," anatero Thandi akusekerera. "Anzanga onse ndawauza kuti mupanga ndinu."

Dyton anayatsa kompyuta akupemphera chamumtima kuti mwina pulogalamuyo imumvera chisoni. Panatuluka kabokosi ka mawu a Chingerezi, konena kuti nthawi yomwe analipira inatha. Thandi anali ataima kumbuyo kwake. Mtsikanayo anafika folomu 4, ndipo Dyton anadziwa kuti wawerenga.

"Ndi netiweki," iye anatero osatembenuka.

"Tidikira," anayankha a Lufina.

Anakhaladi pa benchi mpaka dzuwa linapendeka, Dyton akungodinadina mabatani opanda ntchito, malaya atanyowa kumsana. Pomaliza anawauza kuti azipita, makadiwo awatumiza.

Anayesa kaye kubwereka ndalama kwa Cedric, koma Cedric anati mwezi uli pakati. Kunatsala munthu mmodzi, Maynard, wa shopu ngati yakeyo kutsidya kwa msewu, yemwe Dyton ankakonda kumunena kuti ntchito yake ndi yachimidzi. Anawoloka msewu kukamupempha. Maynard sanamufunse zambiri. Anapanga makadi okongola kwambiri, nati adzalipire akapeza. Dyton anawatumiza ku Bwanje osawatulutsa n'komwe m'katoni.

Tsiku la ukwati kunatentha monga kumatenthera ku chigwa. Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango, njinga zitatsamira paliponse. Pakati pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu:

"Amalume ake a mkwatibwi, bwana wa makompyuta wa ku Boma, amene anatipangira makadi okongolawa, taimirirani tikuoneni!"

Nthungululu zinalira. Dyton anaimirira. Pafupi naye panali mayi wina wa kuchimuna yemwe ankadzikupiza ndi khadi lake. Mayiyo analitembenuza, ndipo Dyton anaona kwa nthawi yoyamba timalemba tating'ono pansi pake: dzina la shopu ya Maynard ndi nambala ya foni. Mayiyo anawerenga, anayang'ana Dyton, n'kulowetsa khadilo m'chikwama mwakachetechete. Anthu ankaombabe m'manja. Dyton anaponya ndalama zake m'lichero osavina, n'kubwerera kukakhala. Fanta yemwe anamupatsa anatenthera m'manja.

Mwambo utatha anakapeza a Lufina kuseri kwa nyumba akulongosola mbale zobwereka.

"Achemwali, makadi aja..."

"Ndikudziwa. Thandi anandiuza tili m'minibasi zomwe zinalembedwa pa kompyuta paja."

"Nanga bwanji munalola kuti anditchule pagulu?"

"Sindinamutume ine. Ndi Thandi. Akuti amalume ake anathamangathamanga mpaka makadi anapezeka, basi." Anapukuta manja pa chitenje. "Ine chinandiwawa si makadi ayi. Ndinakhala pa benchi paja tsiku lonse, mwana wa mayi anga akundinamiza ngati kasitomala."

 Dyton anangoyang'ana nsapato zake zomwe zinali zitayera ndi fumbi.

"Pepani, achemwali."

"Ndamva. Tanyamula mabenchiwo, a ku tchalitchi akuwafuna lero lomwe."

Dyton anavula jekete n'kuyamba kusenza.

Atabwerera ku Boma anagulitsa makina ake omatira mapepala m'pulasitiki, analipira Maynard, zotsalazo n'kutsegulira pulogalamu ija kwa mwezi umodzi. Za chaka chonse zinali zitakwera kale kuposa pomwe akanafikira. Ntchito yoyamba yomwe inabwera inali pulogalamu ya maliro a mphunzitsi wina wa ku Nsipe, ndipo achibale ake ankaifuna isanakwane nthawi ya nkhomaliro.