Nkhope ya a Kalioti Pakhoma

"Agogo, bwanji agogo aamuna ayamba kuyera ngati mzungu?"

Anafunsa choncho Tamanda, mdzukulu wa Esinala, maso ali pakhoma. Esinala anamukalipira kuti asiye zopanda mutu, koma mwanayo atatuluka anatsitsa chithunzicho pamsomali n'kuchiyang'anitsitsa. Mwanayo sananame. Jekete la a Kalioti, lomwe linali labuluu, linali litasanduka ngati madzi otsukira mpunga. Masharubu ankaonekabe, koma maso ndi masaya zinali zitayamba kuzimiririka. Ndipo chithunzi cha malemu mwamuna wake chinali chokhachi.

Anawajambula ndi Chance, bambo wina wa ku Bangula amene anafika ku Makhanga pa njinga yamoto tsiku la ubatizo, atanyamula kamera ndi kamakina kotulutsa zithunzi pompopompo. Anthu anaunjikana kuonerera kapepala kakulowa ndi kutuluka m'makinamo, poyamba kachikasu, kenako kofiirira, kenako nkhope poyera, pomaliza n'kuvala kakhungu konyezimira. Chance, mwini pakamwa, ankalengeza kuti zake si za inki yosungunuka ija. Utoto wake umalowetsedwa ndi kutentha, madzi sautha, ndipo zithunzizo zimakhala zaka zana. Zaka zana, kuchokera kwa munthu amene nsapato zake zinali zisanapondepo matope a dzinja la ku Makhanga.

Pa zamadzi sananame. Chigumula chitalowa m'mudzi, chithunzicho chinasambira limodzi ndi mbale, ndipo Esinala anachitola m'matope chili bwinobwino. Kenako anachita zimene mwana wa msodzi aliyense amachita ndi chinthu chonyowa: anachiyanika pathandala, pakati pa nsomba za makakana, n'kuchipsinja ndi kamwala. Chinakhala pamenepo mpaka nyumba itauma. Atalowanso m'nyumba anachikhomera pakhoma loyang'anizana ndi khomo, pomwe dzuwa la kuchigwa limafika osaodira, kuti wolowa aliyense adziwe kuti m'nyumbamo munali mwamuna.

Magret, woyandikana naye nyumba, anajambulitsanso tsiku lomwelo, koma chake anachikulunga pakansalu n'kuchitsekera m'chitini cha bisiketi. Esinala ankamuseka poyera, ngakhale kumjigo, kuti chithunzi cham'chitini mwina n'chakuba.

Tsopano kuseka kunamuthera. Anakwera bwato n'kuwolokera ku Bangula, kumene anapeza Chance ali ndi kashopu ndiponso kamimba. Chance anachitembenuza chithunzicho uku ndi uku, n'kufunsa kumene ankachisunga. Atamva za thandala anaseka mpaka kugwira tebulo. Anafotokoza, ngati akuphunzitsa mwana, kuti zaka zana zija n'za chithunzi chokhala mu alubamu, mumdima, pamalo ozizira. Padzuwa utoto uja sulimba, zaka zochepa watha.

"Malo ozizira, kuno kuchigwa?" anatero Esinala. "Mundisonyeze, achimwene, nanenso ndikakhale komweko. Nanga bwanji za mdimazo simunanene pakhomo pa tchalitchi paja?"

Chance anati palibe amene anamufunsa. Esinala anamuuza kuti basi atulutse china, koma iye anayankha kuti zimenezo anafufuta kalekale, maukwati ndi ambiri, khadi la kamera silingasunge anthu onse a Nsanje. Komabe panali njira, anatero: atha kuchilowetsa pakompyuta, kukoleza jekete lija ndi kuikamo maso ena abwinobwino.

"Maso a ndani?"

Chance anayamba kufotokoza, koma Esinala anali atamutsomphola kale chithunzicho. Mwamuna amene anakhala naye moyo wonse sakanalola kumuona ali ndi maso obwereka.

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka, n'kukhala pakhonde akutukwana Chance, njinga yake, makina ake ndi amene anamuphunzitsa. Za thandala sanatchule. Magret, amene ankapeta mapira kutsidya kwa mpanda, anamva zonse. Patapita kanthawi anabwera ndi chitini chija m'khwapa, n'kumuuza kuti alowe m'nyumba ndipo atseke chitseko.

Pachithunzi cha Magret panali iye mwini atanyamula khanda lobatizidwa. Koma kumbuyo kwake, chapambali, panaima a Kalioti, osadziwa n'komwe kuti akujambulidwa, akuseka ndi munthu wina amene anadulidwa theka. Jekete lili buluu ngati la dzulo. Maso ali awo enieni, aang'ono, ofinyika ndi utsi wowamba nsomba.

Esinala anachiyang'anitsitsa. Atayankhula, mawu ake anali otsika. Anapempha kuti amubwereke, achikhome pakhoma sabata imodzi yokha, anthu aone.

"Kuti mukachiyanikenso ndi makakana?" anatero Magret. "Ayi, achemwali. Chakuba chija chikhala m'chitini mwake."

Esinala anawazindikira mawuwo. Anali ake omwe.

Magret anachikulunganso pakansalu, pang'onopang'ono, n'kutseka chitini. "Koma mverani. Tsiku lililonse mukawafuna, bwerani, musachite kuodira. Mubwere ndi Tamanda, awadziwe agogo ake kuti sanali mzungu. Ndipo madzi akadzabweranso, chitini ichi chidzayamba kukwera bwato, mapoto pambuyo."

"Takhuta," anatero Esinala, kuthokoza m'Chisena cha amayi ake. "Mukadzakhala kulibe tsikulo, ndidzathyola chitseko chanu ndine. Ndipo chikadzanyowa, ndidzangochipukuta ndi nsalu."